Lamulo la Basiketi la pa Chezi

Aliyense amene njinga yake inaphwa mpweya pa Chezi m'zaka zimenezo akuwakumbukira a Moffat Kalimanjira. Ankakhala pansi pa mkuyu m'mphepete mwa msewu, beseni la madzi akuda lili patsogolo, akumiza chubu kuti aone pomwe pakutuluka thovu. Anali bambo wamfupi, wadazi, wosakonda mikangano.

Asanayambe zokonza njinga, anagwira ntchito yosesa pa sukulu ina ya ana a anthu olemera ku Lilongwe. Bwalo limene ankasesa linali la basiketibolo. Iwo sanasewereko ndi kamodzi komwe, koma zaka khumi ndi ziwiri ankaonerera atatsamira tsache. Ntchito itatha mu 1994, chaka cha chisankho chija, anabwerera kumudzi ndi sutikesi, wailesi ndi mpira umodzi wakutha umene aphunzitsi anataya.

"Anzanu akamachoka m'tauni amabwera ndi malata," anatero akazi awo, a Faines. "Inu mwabwera ndi dzungu."

"Dzungu limeneli limadunda, Nabanda."

Kuseri kwa mkuyu kunali malo opanda ntchito. Ana anawasalaza n'kuthirapo dothi la pachulu. A Moffat anachotsa masipoko pa malimu awiri a njinga, n'kukhomera malimuwo pa zidutswa za chitseko chakale pamwamba pa mitengo ya bulugamu. A Faines, akung'ung'udza, analuka timaukonde ta khonje. Popeza mpira unali umodzi, anyamata ndi atsikana ankasewerera limodzi, asanu uku asanu uku.

Vuto linali la Luckness, kamtsikana koonda ka sitandade faifi. Dera lonselo linali la chipani cha tambala, koma bambo ake anamangirira nsalu yachikasu padenga la nyumba yawo, ndipo chisankho chitatha sanaichotse. Akuluakulu anasiya kuwapatsa moni, ana nawo anatengera pomwepo. Anawo anam'patsa Luckness dzina loti Chikasu. Pabwalopo iye ankathamanga masana onse manja ali m'mwamba, akufuula kuti, "Kuno! Kuno!" koma mpira sunkam'peza. Makamaka Lonjezo, mnyamata wamtali kuposa onse, ankati akaugwira mpira amapita nawo yekha mpaka pansi pa limu.

A Moffat sankadziwa kulalikira. Ndiponso ankakonza njinga za mbali zonse ziwiri, choncho sankafuna kuti amveke kuti akuikira kumbuyo chikasu. Tsiku lina Lonjezo atagoletsa, iwo anangoliza wezulo.

"Si chigoli."

"Aa, Ankolo! Walowatu!"

"Walowa, koma sanagwire onse. Lamulo la basiketi limati anthu asanu onse agwire mpira, kenako ndiye muponye."

"Lamulo la kuti limenelo?"

"La dziko lonse lapansi. Ndi ku America komwe."

Ana anakhulupirira, chifukwa pa Chezi ponse panalibe wina amene anaonapo masewerawa. A Faines okha ndi amene anawayang'ana amuna awo cham'mbali.

"Bodza limenelo mukaulula liti kwa bambo mfumu?"

"Si bodza, ndi mankhwala."

Kuyambira pamenepo ana ankasewera akuwerenga mokweza: "Mmodzi! Awiri! Atatu! Anayi! Asanu!" Luckness ankam'patsira pomalizira penipeni, ndipo ankam'ponyera mwamphamvu ngati akugenda galu woba mazira. Iye anaphunzira kuwakha mipira yaukaliyo. Ndipo poti wachisanu anali iye nthawi zonse, woponya pa limu analinso iye. Pakutha zaka ziwiri, panalibe mwana wodziwa kulasa limu ngati Luckness. A Moffat ankaona zimenezi n'kumamwetulira m'beseni lawo. Koma sankadziwa ngati anawo ankam'patsira chifukwa chom'funa kapena chifukwa cha lamulo basi.

Mu 1996 sisitere wina wa ku parishi anabwera ndi uthenga. Ku Dzaleka, kumsasa wa anthu othawa nkhondo, kunali ana osewera basiketi, ndipo mphunzitsi wawo, a Andireya a ku Burundi, anali katswiri kwawo. Akubwera Loweruka kudzasewera ndi ana a pa Chezi.

Sabata imeneyo a Moffat anamata chubu chimodzi kawiri pamalo pomwe panalibe bowo. Ankafuna kuwauza ana zoona, koma akatsegula pakamwa ankaona Luckness akuthamanganso masana onse manja ali m'mwamba pachabe. Loweruka linawapeza asananene kanthu.

Alendo anatsika m'galimoto ya parishi, ana ataliatali, ena atavala nsapato. Amayi ogulitsa tomato anasiya malonda n'kudzazungulira bwalo. A Moffat anapereka wezulo kwa a Andireya, poti ndi alendo.

Mpira utangoyamba, mnyamata wa ku Dzaleka anaulanda, anaudunditsa yekha bwalo lonse, n'kugoletsa.

"Si chigoli!" anafuula ana a pa Chezi.

"Wagwira yekha ameneyo!" anakuwa amayi a tomato. "Tawerenga ife, mmodzi basi! Kuba kumeneko!"

A Andireya anaimitsa mpira n'kupita kwa a Moffat. Chichewa ankachilankhula pang'onopang'ono. "Bambo, anthuwa akuti talakwa chiyani?"

A Moffat anafotokoza motsitsa mawu, akupukuta dazi. Mlendoyo anamvetsera mwaulemu, kenako anati, "Pepani. Ndasewera zaka zambiri. Lamulo limenelo kulibe."

"Ndikudziwa," anatero a Moffat.

Anaitana ana awo asanu aja. "Ana inu, chigoli chija n'chabwino. Lamulo lija ndinalipanga ndine, pansi pa mkuyu uwo."

Lonjezo anayasama. "Ndiye za ku America zija?"

"Sindinafikeko. Ndi ku Blantyre komwe sindinafikeko."

"Ndiye kuti munthu atha kupita nawo yekha?"

"Atha."

Mpira unayambanso, ndipo Lonjezo anachita zomwe a Moffat ankaopa. Anaugwira n'kuthamanga nawo yekha. Alendo anam'landa n'kugoletsa. Anayesanso, anam'landanso. Anzake nawo anayamba aliyense zake. Luckness anaima pafupi ndi limu popanda wom'tchinga, manja m'mwamba. Kachitatu anawakwezabe. Kachinayi anawatsitsa, n'kuwapinda kumbuyo ngati ali pamzere wa kusukulu. A Moffat anayang'ana pansi. Alendo anali ndi 14, eni mudzi 2.

Kenako Lonjezo anapanikizidwa pakona ndi anyamata awiri, wina kutsogolo wina kumbali, thukuta lili kamukamu. Anasuzumira pansi pa mkono wa mmodzi n'kukuwa mwaukali:

"Iwe Chikasu! Kweza manjawo! Ndikuona bwanji manja uli utabisa?"

Anaponyera amene anali pafupi. Mayi wina wa tomato, mwachizolowezi, anafuula kuti, "Awiri!" Bwalo lonse linalandira. "Atatu! Anayi!" Mpira unkauluka osagunda pansi, alendo akungotembenuka uku ndi uku. "Asanu!" Unagwera m'manja mwa Luckness, ndipo kaukonde ka khonje kanagwedezeka.

Nthungululu zinamveka mpaka kumsewu. A Faines anavina atanyamula pampu ya amuna awo.

Sikuti a pa Chezi anapambana ayi. Anagonja 30 kwa 22, ndipo mwa 22 amenewo 16 anali a Luckness. Pokwera galimoto, a Andireya anawagwira a Moffat dzanja nthawi yaitali.

"Ana angawa ndi a mayiko atatu," anatero. "Ena sapatsirana mpira chifukwa cha zimene makolo awo anachitirana kwawo. Lamulo lanu lija, mungandibwereke?"

"Tengani. Koma muwauze kuti ndi la pa Chezi. Za America zimavuta pambuyo pake."

Lolemba masana ana anabwera monga mwa masiku onse. A Moffat sanapite pabwalo. Anakhala pa beseni lawo, wezulo ili m'thumba, khutu lili kuseri kwa mkuyu. Anamva mpira ukudunda, mapazi akuthamanga, limu likulira. Kenako kamwana kena kanakuwa kuti kagoletsa.

"Si chigoli!" Anali mawu a Lonjezo. "Luckness sanagwire."

"Komatu Ankolo anati lamulo lija ndi labodza!"

"Ndi labodza ku America. Kuno ndi pa Chezi. Bweretsa mpirawo."

A Moffat anamiza chubu m'madzi, ndipo ulendo uno bowo analipeza.