Anakayesa ndi lilime, nkukaotcha ndi batire ya galimoto

Anthu a ku Domasi, kwa Malemia mpaka ku Naisi, mukakhala ndi chinthu cha magetsi chimene mumachikonda, musapite nacho kukasitolo kena ka mawailesi m'tauni ya Zomba, kamene pakhomo pake analemba ndi penti yofiira kuti ndi akatswiri. Ine andipweteka.

Ndimaphunzitsa sayansi pasukulu ina m'chigwa muno. Tinali ndi kachipangizo kamodzi kokha, kamene anatisiyira mphunzitsi wachizungu pobwerera kwawo: kathabwa kobiriwira, kokula ngati chikhatho, kodzaza timawaya. Kamatulutsa magetsi mogunda ngati mtima, mavolti asanu kugunda kulikonse, ndipo kawindo ka manambala kamawerenga kugundako. Ana anga a Folomu 4 ambiri kwawo kulibe magetsi. Apa pokha mpamene ankaona ndi maso zimene ndimajambula ndi choko, ndipo mayeso awo ayandikira.

Mwezi wathawu manambala anayamba kudumphadumpha. Mita yathu yoyesera magetsi inkaonetsa mavolti awiri ndi theka, koma mitayo nayo ndi nkhalamba, singano yake imachita kuigogoda kuti isunthe. Sindinadziwe wodwala ndani, kachipangizo kapena mita. Ahedi anandiuza kuti ndikayesetse m'tauni, koma ndisamale chifukwa china kulibe. Ndinakakulunga m'chitenje cha mayi a kunyumba, nkukwera matola nditakafungatira ngati khanda.

Ndinafika pakasitoloko naini koloko. Mmisiri wake anali pabawo pansi pa mtengo, ndipo anadzuka masewera atatha, dzuwa lili pamutu. Ndinamufotokozera mwaulemu kuti sindikufuna kukonzetsa chilichonse, angoyesa ndi mita yake andiuze mavolti amene akutuluka. Anati palibe vuto. Nditafunsa mita ili kuti, anati mlamu wake anapita nayo ku Liwonde.

Ndisanatsegule pakamwa, munthuyo anali atakalumikiza kale ku magetsi, nkugwira timawaya tiwiri nkutiika palilime. Anatsinzina, nkulawa ngati akumva mchere m'ndiwo.

"Moto ulimo, aphunzitsi, koma wagona."

Lilime limenelo linaphunzira kuti kuwerenga mavolti? Limasiyanitsa bwanji awiri ndi theka ndi asanu? Ndinamuuza kuti andibwezere ndizipita. Iye anati m'sitolomo muli mdima, akufuna akaone bwino kuseri. Anatuluka nako pakhomo la kumbuyo, ine pambuyo pake. Ndinamupeza atagwada pabatire ya galimoto, waya wina atapana kale. Ndinakuwa kuti asiye, mavolti khumi ndi awiri achuluka.

"Musaope, timazidzutsa chonchi. Mawailesi onse timatero."

Anagunditsa waya winayo. Kanthu kakuda ka timiyendo kali pakati pa kathabwako kanalira kuti phwa, nkutulutsa kautsi. Fungo lake ndikulimvabe mpaka pano. Kawindo ka manambala kanangoti bii.

Mukuganiza kuti anapepesa? Anakatembenuza uku ndi uku nkunena kuti kanali kofa kale, azungu amatisiyira zinthu zotha. Mwini sitolo atabwera anandiuza kuti ndisakweze mawu, ndikuthawitsa makasitomala. Anati kanthu kopsako mwina kangapezeke ku Joni, ndidzayese kubwera mwezi wa mawa. Kenako, popanda manyazi, anandikumbutsa kuti kuyesa nakonso amalipiritsa. Ndinangokhala pakhonde pawo kachipangizo kali m'manja.

Ndabwererako kawiri. Ulendo woyamba anali atatseka. Wachiwiri mmisiriyo anandiona ndili patali nkuzemba, ndipo mwini sitolo anandifunsa ngati tinaonanapo.

Ndikadandaule kwa yani? Ndani amaona ngati munthu wolemba pakhomo kuti katswiri ali ndi mita? Sindikuyembekeza yankho, ndatopa ndipo mtima ukundiwawa. Ahedi sanandikalipire. Anangokayang'ana nkukatsekera m'kabati.

Dzulo ana anandifunsa ngati kachipangizo kabwerako kuchipatala. Ndinawauza zoona. Ndinatenga rula nkuyamba kumenya tebulo, ndikuwauza kuti kumenya kulikonse ayerekeze kuti ndi mavolti asanu. Anawerenga nane mokweza, mwaulemu, mpaka belu linalira. Ndi zimenezo zimene akalowe nazo m'mayeso.