Waya wa Norberto pa Bulugama wa Apongozi

Norberto Salvador anabadwira ku Maniamba, koma moyo wake wonse anathera ku Chiuaula, kunja kwa tauni ya Vila Cabral, kumene anakwatira Deolinda n'kukhala pa chikamwini. Ntchito ankagwira kwa Mpwitikizi wina wokonza mawayilesi. Anali munthu wofatsa mpaka kutopetsa, wosamwa, wosayankha akuluakulu. Vuto lake linali limodzi basi: akaona waya, nzeru zinkamuthawa.

Cha m'ma 1956 anatoleza zidutswa zimene bwana wake ankataya, n'kupanga kamakina kotumiza kulira kwa tii-tii m'mlengalenga munthu akamagogoda kabatani. Chilolezo cha boma analibe, ndipo kokachipempha sankakulota n'komwe, choncho kamakinako anakapatsa mphamvu yochepa ngati ya tochi, kuti kasamveke kwa aboma. Wofunika kumva anali mmodzi, mnzake Atumani, telala wa ku Chimbonila, amene Lamlungu lililonse masana ankatchera khutu pa wayilesi yake. Miyezi inatha Atumani akungomva phokoso ngati la mvula pa malata.

Mafunde amene Norberto ankatumizawo amafuna waya wautali, womangidwa m'mwamba. Mtengo wautali pamudzipo unali bulugama wa kuseri kwa nyumba ya apongozi ake, mayi Brígida, ndipo pansi pake penipeni panali bafa lawo la udzu. Tonse tikudziwa kuti mkamwini ndi apongozi aakazi sayang'anana m'maso, akakumana panjira wina amapatukira kutchire. Mwambo umenewu Norberto ankausunga kuposa aliyense. Koma mtengowo unamulowa m'mutu, mpaka anauza Atumani kuti Lamlungu likubweralo waya ukhala uli pamenepo.

M'mawa wa tsikulo anaona mayiwo akulowera kudimba, iye n'kukwera msangamsanga, waya kukamwa. Anamanga bwinobwino. Akuti atsike, anamva ndowa ikulira pansi. Mayi Brígida anali atabwerako kale, ndipo ankalowa m'bafa ndi madzi otentha kuti asambe apite ku Misa.

Munthu wanzeru akanatsokomola nthawi yomweyo. Norberto sanatero. Anakumbatira mtengo, n'kutsinzina, mphepo ya mwezi wa Juni ikumulasa m'nthiti. Anapemphera kuti madzi athe msanga. Kenako pulayala yake yopanira waya inapulumuka m'thumba mwake n'kukagwera m'ndowa muja, phava!

Mayiwo sanakuwe. Anayang'ana kumwamba kamodzi, anafunda nsalu yawo ya kapulana, n'kutuluka mwakachetechete. Norberto akanakonda atamutukwana.

Masana onse anadzitsekera m'nyumba. Posowa chochita, anayatsa kamakina kake n'kumangogogoda kabatani kaja, misozi ili m'maso.

M'mawa mwake a Felisberto, atsibweni ake a Deolinda, anasonkhanitsa abale pakhonde. Aliyense ankadziwa kuti mayi Brígida akangonena kuti achoke, Norberto anyamula mphasa yake kubwerera ku Maniamba, mkazi ndi ana n'kutsala. Deolinda anakhala chozolika, osayang'ana mwamuna wake.

“Bambo, munakwera kukaona chiyani?” anafunsa a Felisberto.

“Ndinatsinzina, bambo.”

“Anakuonani ndani mukutsinzina?”

Ndiye pamenepo belu la njinga linalira, Atumani n'kutulukira ali thukuta lokhalokha, osaona n'komwe nkhope za anthu.

“Mwamveka, achimwene! Wallahi, dzulo mwamveka bwinobwino mpaka ku Chimbonila! Mtengo umenewo musausiye. Lamlungu mukwerenso, mufike pansonga penipeni!”

Amayi ena anabisa nkhope m'makapulana, mapewa akugwedezeka. Norberto anali atadikira mawu amenewo kwa miyezi yonse ija, ndipo atafika analakalaka nthaka itang'ambika n'kumumeza.

Mayi Brígida anayankhula atayang'ana kumbali, kudzera mwa mlongo wawo. “Achimwene, muwauze akhale, chifukwa cha ana. Koma waya utsike, ndipo iwo asakwerenso mtengo pamudzi pano, ngakhale wa mango.”

Waya anaukola ndi nsungwi n'kuugwetsa. Mayiwo anautenga, n'kuumanga kuchokera pa nyumba yawo kudutsa pakhomo pa mkamwini wawo, kuti aziyanikapo zovala. Anaumanga m'munsi, wofika m'khosi mwa munthu wamtali, ndipo Norberto anali wamtali.

Anakhala ku Chiuaula mpaka imvi. Analera ana ake, anakonza mawayilesi a theka la tauni, koma kamakina kaja sanakayatsenso, ndipo pulayala yake sanaifunse. Mayi Brígida ankaphulira nayo mapoto pamoto. Mayiwo atamwalira, Deolinda anauza mwamuna wake kuti tsopano akhoza kumasula wayawo, kapena kungoukweza pang'ono.

“Usiye,” anatero Norberto, ndipo anawerama n'kudutsa pansi pake kupita kuntchito.