Giya Itakana Kuchoka pa P

Amuna anga anali okonza magetsi a galimoto pa Boma. Atamwalira anandisiyira ana awiri, bokosi la zipangizo ndi kagalimoto koyera ka otomatiki, mwa zija zinayamba kubwera kuchokera ku Japan zaka zimenezo. Ndi kameneko ndinkapikulira nandolo ku Namitambo kukagulitsa ku Limbe. Misozi isanaume n'komwe, achimwene awo aakulu, oyendetsa minibasi, anayamba kukazungulira, uku akugogoda matayala ndi nsapato.

Tsiku lina anakabwereka kuti akatule abale ku Mbulumbuzi. Ndinawapatsa makiyi, anabweza bwinobwino. M'mawa mwake ndinaliza injini, inalira. Ndinaponda buleki, kukoka giya, gwa! Yakana kuchoka pa P. Ndinakoka mpaka dzanja kuwawa. Posakhalitsa alamuwo anatulukira, ngati munthu woitanidwa.

"Alamu, musalimbane nayo," anatero. "Giyabokosi yatha imeneyo. Za otomatikizi zikafa zafa. Komanso kaya, mwina mwini wake ndi amene waigwira. Sakondwa kuti mkazi azikhala pampando wake. Ndipatseni ndiikokere ku Limbe."

Mtima unandiwira. Munthu amene anandiphunzitsa yekha kuyendetsa pabwalo la sukulu, akuseka ndikagunda chulu, lero akumunamizira ali m'manda! Ndinangoti, "Pitani kuntchito, alamu, okwera akudikira."

Zaka zambiri ndinkawagwirira amuna anga tesita, kababu ka waya kaja koyezera magetsi, choncho zina ndinkazidziwa. Galimoto zoterezi zili ndi kachitsulo kotsekera giya, ndipo sikatsegula pokhapokha magetsi akauze kuti buleki yapondedwa. Kakatsegula kamalira kuti ke. Ndinatchera khutu n'kuponda. Zii.

Ndinasanja njerwa pachopondera buleki, n'kuzungulira kumbuyo. Magetsi ofiira sanayake. Ndinachotsa mababu, onse anali amoyo. Ndinatsegula kabokosi ka mafiyuzi, kuzula ya buleki, kuiyang'ana padzuwa: kawaya kake kanali kosaduka. Nditaibwezera, tesita inayaka mbali zonse ziwiri. Ndiye kuti magetsi ankafika, koma ankathera penapake m'njira.

Panatsala swichi ya pamwamba pa chopondera. Ndinayala chitenje, kugona chagada, mutu pansi pa chiwongolero, miyendo panja, anthu opita kumsika akundiyang'ana. Swichi ndinaipeza ili yokhayokha, yopanda waya. Nditapapasa kuseri kwa kapeti ndinagwira pulagi yake, itapindidwa, itakulungidwa ndi tepi yakuda yatsopano, yonyezimira. Pulagi imeneyo ili ndi kadzino kogwirira. Ngakhale mabampu a msewu wa ku Namitambo sangaizule.

Ndinakhala pansi. Si galimoto yokha imene inandipweteka. Ndinkaganiza za munthu ameneyu atagona pomwe ndinagona inepo, akukulunga tepi mosamala, pamene dzulo lakelo ana anga anamuthamangira akumuitana kuti bambo aakulu.

Ndinalumikiza pulagi ija, kuponda buleki. Ke! Giya inatsetsereka yokha. Sindinasambe n'komwe. Ndinalunjika pasiteji pa Boma, pomwe ndinawapeza atatsamira minibasi yawo akutafuna chimanga chootcha. Atandiona anasiya kutafuna.

"Alamu, mzimu wa ang'ono anu uja ndaupeza," ndinatero, tepi ili m'manja. "Ndi uwu."

"Aaa, iyayi, mwina ndi makoswe," anayankha, maso ali kumbali.

"Khoswe wa kuti wogula tepi m'sitolo? Mukanangopempha ngati munthu, ndikanakukanizani ngati munthu. Koma kudzutsa wakufa kuti akubereni?"

Makondakitala anaseka, amayi ogulitsa nthochi anakuwiza. Ine sindinaseke. Ndinawaponyera tepiyo pachifuwa n'kunyamuka.

Patapita masiku, apongozi anatuma mthenga kuti ndachititsa manyazi mwana wawo pagulu, ndipite ndi nkhuku kukapepesa. Za pulagi sanafunse chilichonse. Ndinamuuza mthengayo kuti nkhuku zanga zili ndi chitopa. Apongoziwo anakaitula nkhaniyo kwa ankhoswe, ankhoswe anati banja ndi kupirira, ndiiwale. Aliyense ankafuna kuti ine ndiiwale, koma panalibe ndi mmodzi yemwe amene anawauza alamuwo kuti analakwa.

Sindinapepese. Alamuwo sanavomere mpaka lero, ndipo tikakumana pamaliro timapatsana moni wa pakamwa, manja ali kumbuyo. Ana anga amapita kukawaona, sindiwaletsa. Koma alamuwo pakhomo panga sanapondeponso.