Nazale ya NyaKayira

Yunike NyaKayira wa ku Hara analera ana asanu ndi mmodzi osagwirako thewera. Mwana akayamba kudzipinda ankangomukhazika pamapazi, nkhani n'kutha. Nthanga zomwe ankazidziwa n'za mpunga basi, ndipo pa mpungapo panalibe womuphunzitsa.

Zaka zija khadi la chipani linkafunsidwa pakhomo la msika, ku Chilumba kunabwera nesi wa ku Zomba, a Chrissie, ndi khanda lawo Stanford. Anafuna mlezi, anthu n'kuwalozera Yunike, amene anali atangoferedwa mwamuna ndipo nyumba inkamukulira.

Tsiku loyamba anamupatsa ntchito ziwiri. Ina inali ya matewera: kuchapa, kuwiritsa, kuyanika, kupinda patatu, kenaka kubaya ndi phini osabaya mwana. Yunike sanamvetse chifukwa chimene munthu angamangirire mwana zoipa zake zomwe m'chiuno, koma anangovomera kuti yewo. Ina inali kapepala ka nthanga zakuda, zazing'ono ngati mazira a nsabwe, zimene sisitere wina anapatsa a Chrissie. Akuti zimamera timasamba tonunkhira tothira mu tiyi. A Chrissie ananena kuti mwana azikhala wouma, nthanga zizikhala zonyowa.

Kunyowa kwa mbewu Yunike ankakudziwa. Anakonza nazale monga a ku Hara, anaumba timizere m'mbali, n'kuthira madzi mpaka kumwamba kuonekera m'menemo. Tinthanga tinayandama, tina ankhuku anatola, totsala tinaola. Anafesanso, n'kuonjeza madzi poganiza kuti poyamba anaumira. Zinaolanso.

Matewera okha ndiwo anayamba kumumvera, ndipo Stanford anamulowa mumtima moti akamva kulira kwake mabere ouma aja ankachita kumuyabwa. Tsono a Chrissie ataona chithaphwi chachiwiri anapumira m'mwamba, nati mwina aitanitse mng'ono wawo ku Zomba, amene amamva zinthu kamodzi. Yunike anachita mantha enieni. Kubwerera ku Hara sikunkamuopsa, koma kubwerera msana uli wopanda mwana.

Anatenga kapepala kaja, anakakakung'unthira kuseri kwa bafa ndi mkwiyo, n'kukataya. Kuseriko n'kumene ankathira madzi otsukuluzira matewera, poti kwawo madzi a khanda satayidwa poponda anthu. Ankathira mobisa, pang'onopang'ono, pamthunzi wa nthochi.

Mwezi usanathe, a Chrissie anamuitana kuseri komweko. Yunike anapita akuganiza kuti za madzi zija zaululika. Anapeza a nesi atagwada pakati pa timbewu tobiriwira, akununkhiza tsamba.

"Mayi NyaKayira, bwanji osandiuza kuti munasamutsa nazale? Mwazisamala bwanji kuti zikondwe chonchi?"

"Nkhumanya yayi, mama," anayankha Yunike m'chilankhulo cha kwawo, kutanthauza kuti sakudziwa. "Zamera zekha."

Sananame. Zimene anazigwadira ndi kuzithirira m'mawa ndi madzulo zinafa, zimene anazitaya ndi mkwiyo n'zimene zinamera. Atafikisa tsamba limodzi m'manja mutu unamuzungulira, chifukwa fungo lake linali ngati la mpungabwi, chitsamba chimene anthu amangothyola kutchire n'kupirikitsira udzudzu. Ndiye anthu ophunzira amamwa zimenezi?

Madzulo a tsikulo a Chrissie anathyola masamba, anawatsuka, n'kuphika tiyi. Kapu yoyamba anapatsa mlimi mwini wake. Yunike anayang'ana kapuyo, anayang'ana matewera ali ndandanda pachingwe, ndipo anatsala pang'ono kuulula za madzi aja. Akanena, tiyi atayidwa, mwina iyenso apita naye limodzi. Stanford anali kumsana, akumuyamwa mfundo ya chitenje.

Anatseka maso n'kumwa yense, mpaka masamba a pansi.

Mng'ono uja sanaitanidwe. Stanford anasiya matewera ali pamsana pa Yunike, ndipo chaka chimenecho mbewu za kuseri kwa bafa zinayamba kufwifwa. A Chrissie anadabwa nazo mpaka tsiku limene anasamutsidwa. Yunike mpaka lero tiyi amamwa wopanda kanthu.