Mwana ndi mmodzi, iwo akuti ndi awiri

Maulendo asanu ndi awiri ndayenda, mpaka lero palibe amene wasuzumirako m'makutu mwa mwana wanga. Makolo anzanga a ku Bundabunda, tamverani zimene andichita.

Veronika wanga ali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Chaka cha njala chija, cha chimanga chachikasu, anadwala malungo aakulu, ndipo chichirireni samva bwino. Mukamuitana atafulatira, sacheuka. Giredi 1 wabwereza kawiri, aphunzitsi amangoti ndi wamwano.

Asisitere a ku mishoni ndiwo anandiuza kuti kholo lili ndi ufulu wopempha kuti mwana apimidwe, zidziwike ngati afunika kukhala kutsogolo m'kalasi kapena kalasi yapadera. Ndinabwerako ndikuimba nyimbo m'njira. Kupusa kwanga.

Lolemba, 7 koloko, ndinali pakhomo la ahedi a sukulu. Iwo akuti, "Amai, ise sitilemba kalata popanda pepala ya ku kiliniki." Ndinapita ku kiliniki, kufika 9, kulowa 1 koloko. Anesi akuti, "Makina ya matu tilibe. Bweretsani kalata ya ku sukulu, ndiye tikutumizeni ku Lusaka." Nanga ayambe ndani? Lachitatu ndinakhala pakhonde la ahedi mpaka masana, osasuntha. Analemba, atakwinya nkhope. M'mawa mwake anesi nawo analemba yawo, akukopera dzina pa khadi la sikelo.

Ku chipatala cha ku Lusaka amapima makutu a ana Lachinayi lokha. Tinadikira sabata. Tinadzuka tambala woyamba, kuyenda wapansi mpaka pamsewu, minibasi, kufika hafu pasiti 8. Anatiitana 12 itakwana kale. Kalaliki wa pawindo anayang'ana makalata awiriwo, n'kundiyang'ana ine.

"Mwana ni uti apa? Iyi ikamba Veronika Mwale, iyi ikamba Misozi Banda."

Ndinafotokoza bwinobwino. Misozi ndi dzina lomwe anamutcha agogo ake potuluka m'chikuta, ndilo lili pa khadi. Veronika ndi la ubatizo. Banda ndi malemu bambo ake. Mwale ndi mlongo wanga, malume ake a mwanayu, amene anakamulembetsa sukulu. Atafunsidwa dzina anapereka lawo, poti mwana wamasiye ali m'manja mwa malume ake. Ndani kwathu kuno amene sadziwa zimenezi?

Kalaliki uja akuti, "Ba mayo, ivo ni vakumunzi. Pano pa pepala ni ana awili. Bweretsani kalata yolumbira ya ku khoti."

Ndinamukankhira mwanayo kutsogolo. "Uyu apa, atate. Matu ni yamene aya. Mupimeni chabe." Chitseko cha chipinda chopimira chinali pomwepo, ndikanatambasula mkono ndikanachigwira. Bamboyo anatseka windo, akuti nthawi ya chakudya yakwana. Ndinalira pamaso pa anthu, sindibisa.

Ku khoti akuti abwere bambo a mwana. Ndikawadzutse kumanda? Akuti ndiye ndibweretse chikalata cha imfa. Mwamuna wanga anamwalirira m'nyumba, tinamuika m'mudzi. Ndani amalemba chikalata pa maliro a kumudzi? Ndinabwerera kwa ahedi kuti angokonza dzina m'kaundula wa sukulu. Akuti kaundula wa boma safufutidwa. Anawonjezanso kuti Januwale akafika popanda pepala la adokotala, malo a Veronika apatsidwa mwana wina, chifukwa sangabwereze kachitatu.

Inu a maphunziro, inu a chipatala, tandiuzani. Mumapima dzina kapena khutu? Ufulu umene asisitere ananena uja, umapezeka pawindo liti? Ine ndatopa. Anzanga abzala, munda wanga udakali thengo, ndipo khomo lina loti ndikagogode sindilidziwa.

Makolo anzanga, musanakwere minibasi, ikani khadi la sikelo, la ubatizo ndi lipoti la sukulu pamodzi, wina wodziwa kuwerenga akuonereni maina. Ine palibe anandichenjeza.

Dzulo tikutunga madzi, Veronika anandifunsa mokweza, monga amalankhulira masiku ano poti sadzimva yekha: "Amai, adokotala anakamba chani?" Ndinamuuza kuti tidzapitanso. Anandiyang'anitsitsa pakamwa, n'kufunsanso funso lomwelo.