Agogo Amene Anawatcha Amayi Anga Moto

Agogo aamuna ndimawakumbukira ndi fungo la polishi wa nsapato ndi la nyuzipepala zakale zimene ankaziunjika pakhonde pathu ku Chilomoni, kumene ankakhala m'mawa uliwonse atavala taye ngati akupita kuofesi ya boma imene anapumako kale, makondakitala a minibasi akukuwa kumunsi kwa phiri. Tsamba limene ankalikonda m'nyuzimo linali la nyenyezi, lolosera za moyo wa anthu. Ankati munthu aliyense amabadwa ali moto, madzi, mphepo kapena dothi, malinga ndi mwezi wake, ndipo khalidwe lake limathera pomwepo.

Amayi anga anabadwa kumayambiriro kwa Epulo. Agogo anawalemba m'gulu la moto.

Bambo anga ankagwira ntchito pafakitale ina ku Makata, ndipo ankatha masiku osagona pakhomo, n'kubwera akununkha mowa ndi pefyumu wachilendo. Tsiku lina amayi anatopa, anawaponyera mbale, inasweka pachitseko. Ankhoswe atasonkhana, agogo sanafunse kumene mwana wawo ankagona.

"Mwana wanga ndi madzi, wofatsa chibadwire," anatero akugogoda nyuzi ndi chala. "Apongozi angawa ndi moto. Zinthu ziwirizi sizikhala nyumba imodzi."

Amayi anabwerera kwawo ku Bangwe ndi chikwama chimodzi. Ine anandiletsa kupita nawo, ati malowolo anaperekedwa, mwana ndi wa kuchimuna. Ndinali sitandade 3. Ndinawathamangira mpaka pasiteji, azakhali anandikoka dzanja ndikulira.

Nditafika fomu 2, agogo anabwera madzulo ena kuchokera kutauni nkhope ili ngwee. Anali atacheza ndi mmwenye wina wachikulire, mnzawo wakale, amene anawauza kuti anyuzi amawerengera nyenyezi potsata nyengo za chaka, pamene kwawo amayang'ana pomwe nyenyezizo zilidi kumwamba, ndipo mawerengedwe awiriwa amasiyana pafupifupi mwezi wathunthu.

"Wamva zimenezo?" anandiuza akuseka. "Amayi ako si moto ayi. Ndi madzi! Nzeru sizitha, mdzukulu wanga."

"Ndiye mukawatenge, agogo," ndinatero.

"Aaa, zimenezo zinapita. Bambo ako anakwatira kale."

"Munandilanda amayi chifukwa cha nyuzi, ndiye mukuseka?"

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Iwe paja unabadwa mwezi wanji? Mkwiyo umenewu uli ndi kochokera."

Loweruka lake ndinakwera minibasi ziwiri osatsanzika. Amayi ndinawapeza akusita zovala za anthu ndi ayironi ya makala, maso atafiira ndi utsi. Nditawafotokozera, sanaseke, sanalirenso. Anauzira makala aja, n'kunena kuti, "Moto, madzi, zawo zimenezo. Pa anthu onse anakhala pamphasa tsiku lija, palibe anandifunsa chimene chinandikwiyitsa."

Sindinabwererenso ku Chilomoni. Agogo anamwalira osapepesa. Pamaliro anthu ankawatamanda kuti anali munthu wowerenga, ine ndinakhala kumbuyo.

Lero ndili ndi mwana wanga wamkazi, wamkamwa ngati amayi anga. Anzanga kuntchito amandionetsa pafoni kuti nyenyezi yake ndi yakuti, n'chifukwa chake amatero. Ndimawauza kuti abweze foniyo m'thumba. Mwanayo akamenyetsa chitseko, ndimapita kukakhala naye pabedi mpaka apume bwino, kenako ndimamufunsa kuti, "Wakulakwira ndani?"