Tinasambitsa Ndege ya Eni

Mpaka lero basi ikamadutsa pamalo aja ndimayang'ana kumbali, chifukwa ndikapenya mtima umayamba kuwira. Patsala konkire yokhayokha ndi zitsulo zodulidwa. Kale panali ndege.

Inali ndege yaing'ono yakalekale, ya mapulopela awiri, yoimikidwa m'mbali mwa msewu waukulu wopita ku Romford kuno kudziko la azungu, kutsogolo kwa malo otsukira magalimoto. Mwini malowo anaiika pamenepo kuti izikopa makasitomala, kenako n'kuiiwala. Matayala anaphwa mpaka kumatirira pansi. Mawindo anachita khungu. Pamsana pake panamera ndere, ndipo nkhunda zinapezapo chimbudzi chaulere. Tangoganizani, munthu ntchito yake ndi yotsuka, madzi ndi thovu la sopo zikusefukira mpaka mumsewu tsiku lonse, koma chinthu choima pakhomo pake penipeni osachithirako ngakhale ndowa imodzi.

Pandekha sindikanaisamala ndegeyo. Ndimagwira ntchito m'nyumba yosungira okalamba, ndipo ndikaweruka maso amakhala ali kale pabedi. Amene anandionetsa ndi amalume, alongo awo a mayi anga. Iwo anachoka kumudzi ine ndisanabadwe, kuthawa ndale za nthawi ija munthu ankasowa chifukwa cha liwu limodzi. Anatuluka m'dziko pa kandege konga komweko, n'kuzungulira mayiko mpaka kudzafika kuno. Mayi awo, agogo anga, anamwalira iwo ali kuno, ndipo panalibe wolimba mtima wowatumizira uthenga. Anadzamva patapita miyezi kwa munthu wongodutsa, pamanda patamera kale udzu. Nkhani imeneyi sankaikamba, koma tonse pabanja tinkaidziwa.

Atakalamba anagwidwa ndi matenda oiwala. Ana awo obadwira konkuno ndi anthu abwino ndithu, koma Chichewa amangomva, poyankha amayankha m'Chingerezi, pomwe amalume Chingerezicho chinali chitayamba kuwathawa. Choncho Lamlungu lililonse wopita nawo kutchalitchi ndinali ine. Sankandizindikiranso. Ankanditcha achemwali, kuyesa kuti ndine mayi anga. Koma basi ikangokhota pamphambano ya pafupi ndi ndegeyo, ankawongoka pampando n'kukanikiza mphumi pawindo.

"Iyo, achemwali! Yathu ija. Ikadalipo."

Munthu woiwala dzina la mwana wake, woiwala kuti wadya kale, ndegeyo sankaiiwala. Ankafotokoza mmene inkanjenjemera ponyamuka, mmene anaonera phiri lakwathu likucheperachepera mpaka kusanduka chulu. Ankaseka, ankandinena kuti ndine wamantha, sindikanakwera. Kuchokera pamphambanopo mpaka pakhomo la tchalitchi ndinkakhala ndi amalume anga enieni. Sabata yonse yotsalayo ankangokhala duu pampando. N'chifukwa chake sitinkakwera sitima, ngakhale inali yachangu.

Lamlungu lina basi inaima nthawi yaitali pamaloboti, ndipo anaiona bwinobwino ndegeyo. Ndinangomva akufwenthera.

"Ikudwala iyi," anatero. "Taonani m'maso mwake. Ilibe abale kodi? Mwaisiya chonchi osaisambitsa?"

Mawu amenewo anandilasa. Ine amene m'mawa uliwonse ndimasambitsa makolo a eni, kuwapukuta m'makwinya, kuwadzola mafuta, ndilephere kusambitsa chinthu chimodzi chimene chimawadzutsa amalume anga?

Ndinawauza amayi anzanga akutchalitchi, ndipo anavomera nthawi yomweyo. Zopempha chilolezo palibe anaziganizira. Kwathu pakhomo pakagwa matenda sugogoda kuti ufunse. Umanyamula tsache lako, kusesa pabwalo, kutunga madzi, kuchapa zofunda, n'kumapita. Kufunsa kuti "ndikusesereni?" n'kumuuza mwini khomo kuti ndi wauve. Amene anakayikako ndi mayi wina wa ku Zambia amene timapemphera naye.

"Imwe, muziba bazungu na vintu vao," anatero. "Bazatiitanila polisi."

Tinamuseka. Ndani angamuitanire polisi munthu wonyamula mopu?

Loweruka m'mawa tinafika ndi ndowa, maburashi ndi makwerero obwereka, zitenje titamanga pamwamba pa majekete. Amalume tinawakhazika pampando wopinda, bulangeti pamiyendo. Antchito otsuka magalimoto, alendo m'dziko muno ngati ife tomwe, anatipatsa paipi ya madzi akuseka. Tinayamba ndi nyimbo, monga timachitira. Ndere zitayamba kuchoka, pansi pake panatuluka siliva ndi mzere wofiira woyenda kuchokera kumphuno mpaka kumchira. Amalume anasanduka kapitawo.

"Pansi pa phikopo, achemwali! Musaope, siluma!"

Sindinawaonepo akusangalala choncho chiyambire matenda awo.

Kenako mayi wina wa manja olimba anakwecha pamene phiko limalumikizana ndi thupi, ndipo burashi inangolowa. Chitsulo chinali chitadyeka mkati ngati chimanga chofumbwa. Ndere ndi zitosi ndi zimene zinkabisa. Chidutswa chachikulu ngati mbale chinagwa pansi, nyimbo n'kuduka.

Tisanaganize chochita, mwini wake anatulukira pagalimoto yake yaitali. Anatsika nkhope ili psuu, n'kuyamba kutilalatira m'Chingerezi. Watiloleza ndani? Malo ano ndi ake. Ndegeyi ndi chinthu chambiri yakale, sichikwechedwa ndi burashi yokolopera. A inshuwalansi akamva anena chiyani? Kenako, pofuna kutitseka pakamwa, anati ndege amazidziwa iyeyo, ali nazo zina zakale zing'onozing'ono kubwalo lina kunja kwa mzinda, amazisunga m'shedi, amazipukuta ndi nsalu yofewa, ndipo kukacha bwino amaziulutsa yekha.

Apa ndi pamene ndinapsa mtima zenizeni. Akanakhala mbuli ndikanamukhululukira. Koma munthu akudziwa mmene ndege imasamalidwira, ali nayo shedi, ali nayo nsalu yofewa. Ndi uja bambo wamitala wogulira akazi aang'ono zitenje zatsopano, mkazi wamkulu atamusiya m'nyumba yodontha.

"Bwana," ndinamuyankha m'chilankhulo chakecho, "ngati ndi yamtengo wapatali chotero, bwanji nkhunda zakhala zikuinyera inu mukuona?"

Anatulutsa foni, akuti aitane apolisi. Mayi wa ku Zambia uja anangondiyang'ana, ndipo kuyang'anako kunandiwawa kuposa mawu. Nthawi yomweyo amalume anadzuka pampando. Anayenda pang'onopang'ono mpaka pamaso pa bamboyo, anavula chipewa, n'kuwomba m'manja mwaulemu.

"Zikomo bambo. Pepani ndi matendawa."

Bamboyo sanawayang'ane n'komwe. Zimenezo sindidzamukhululukira. Tinalongedza ndowa zathu, ndege ili mbali imodzi yoyera, mbali ina yobiriwira.

Apolisi sanabwere. Koma anthu odikira basi anali atajambula, ndipo wina anakanena kukhonsolo kuti phikolo lingagwere anthu. Bamboyo akanatha kuikonza. Munthu woulutsa ndege zake kumapeto a sabata sangalephere kupeza wowotcherera. Iye anasankha chachidule. Tsiku lina ndikuchokera kuntchito ndinaona amuna ovala zipewa zachikasu akucheka mapiko ndi makina, n'kumaponya zidutswa mulole.

Amayi ena anayamba kunena kuti tinalakwa. Mwana wamkulu wa amalume anandiimbira foni, n'kundiuza mofatsa m'Chingerezi kuti kuno munthu sugwira zinthu za eni. Ndinamumvetsera mpaka anamaliza, koma sindinavomere, ndipo sindivomera. Dzimbiri lija silinabwere ndi burashi yathu. Chinthu chinaola pamsewu zaka ndi zaka, anthu ambirimbiri akudutsa, palibe anadandaula. Tsiku limene amayi anabwera ndi sopo ndi pamene aliyense anakumbukira malamulo. Kuno kusiya chinthu chiole si mlandu, mlandu ndi kuchisambitsa. Ndimaziona ndi kuntchito komwe: gogo amatha miyezi osaonedwa ndi m'bale, koma tsiku limene wasowa sokosi imodzi abale onse amatulukira ndi mafunso.

Lamlungu litafika ndinafuna tikwere sitima kuti amalume asaone, koma sizinkayenda, akuti akukonza njanji. Tinakwera basi. Njira yonse ndinkapemphera pemphero limene sindinapempherepo, loti matenda awo agwire ntchito, aiwale. Ndinawapatsa siwiti, ndinayambitsa nkhani ya nyengo, ndinayesa kukhala ine kuwindo. Anandikankha ndi chigongono.

Basi inakhota pamphambano. Amalume anawongoka, n'kukanikiza mphumi pagalasi. Anayang'ana konkire ija, anayang'ana zitsulo zodulidwa zija, khosi likutembenuka mpaka malowo anabisika kuseri kwa nyumba. Sanalire. Anavula chipewa n'kuchiika pamaondo.

"Achemwali, mwaika liti?"



Anandiyang'ana ndi maso akuthwa, ozindikira, amene ndinkawalakalaka sabata iliyonse.

"Awanso maliro simunandiuze?"